Snooker pa Kasungu boma: tebulo ndi refu zili bwino, pepala la pakhoma ndilo likuyambanitsa anthu

Matebulo a pool ali ponseponse m'boma la Kasungu, kuyambira pa boma penipeni mpaka ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, koma tebulo la snooker lenileni, lija lalikulu la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndi losowa. N'chifukwa chake malo ena achisangalalo a pa boma, chapafupi ndi msewu wa M1, atayika tebulo lotere m'chipinda chamkati, okonda ndodo akhala akukhamukirako. Maganizo athu tinene poyambirira pomwe: malowa ndi oyenera kupitako, tebulo ndi labwino, ndipo bambo amene amayimbira magemu ntchito amaidziwa. Koma pepala la malamulo limene alimata pakhoma ndi losokoneza. Mikangano yambiri ya m'chipindamo imachokera pa pepala limeneli ndiponso pa zipangizo zingapo zimene eni malo sanagule.

Tebulo lokha lilibe mawu ambiri. Poyeza ndi tepi, kuchokera khushoni (mphira wa m'mphepete mwa tebulo) kufika khushoni, likugwirizana ndi muyeso wovomerezeka wa mamilimita 3569 ndi 1778. Mzere wa baulk, uja wodutsa tebulo chopingasa kumbali imene gemu imayambira, uli pa mamilimita 737 kuchokera ku khushoni ya kumunsi, kuchokera pakati pa mzerewo kufika m'mphepete mwa D, kachigawo kooneka ngati chilembo D kojambulidwa pa mzerewo, pali mamilimita 292, ndipo kadontho ka mpira wakuda kali pa mamilimita 324 kuchokera ku khushoni ya kumtunda. Zonsezi zili m'malo mwake. Sileti, mwala wosalala wa pansi pa nsalu, ndi ya zidutswa zisanu monga zimakhalira pa matebulo aakulu, ndipo mukayendetsa chikhatho pa nsalu simumva polumikizira. Kadontho ka wapinki ndiko kaphonya. Kamayenera kukhala pakatikati penipeni pa kadontho ka wabuluu ndi khushoni ya kumtunda, koma pano kasendera cha kwa wakuda ngati kunenepa kwa chala. Zikuoneka zazing'ono, komatu mipira yofiira imasanjidwa kuseri kwa wapinki, ndiye gulu lonse limayandikira wakuda, ndipo wofiira umodzi ukangosuntha wakuda watsekeka kale. Kukonza kwake kumangofuna tepi ndi pensulo.

Ena amadandaula kuti tebulo ndi lopendekeka chifukwa mpira womenyedwa pang'onopang'ono umakhota usanafike pa dzenje lapakati. Levulo ikuonetsa kuti lili bwino. Chimene chimakhotetsa mpirawo ndi ubweya wa nsalu. Nsalu ya snooker ili ndi ubweya wogona mbali imodzi, kuchokera ku baulk kupita kwa wakuda, ndipo mpira woyenda mwaulesi, makamaka wolimbana ndi ubweyawo, sutsata mzere ndendende. Apa mpamene pali vuto la kasamalidwe: mnyamata woyeretsa amayendetsa bulashi uku ndi uku ngati akusesa pabwalo. Bulashi iyenera kuyenda njira imodzi basi, kuchokera ku baulk kupita kumtunda, mizere yowongoka, ndipo simbi yositira nsalu imatsata njira yomweyo. Akapitiriza chonchi ubweya udzadzuka ndipo tebulo lidzayamba kulemera. Chimene tikuwayamika nacho n'chakuti amalifunditsa akamaliza. Ndi fumbi la pa Kasungu kuyambira mu August mpaka mvula itagwa, tebulo losafunditsa silingaone chaka chachiwiri lili bwino.

Nthawi ya dzinja chinyontho chimachititsa choko kumamatira pa mipira, ndipo mpira woyera, uja womenyedwa ndi ndodo, ukagunda mnzake pamalo pamene pali choko mipira yonse iwiri imachita ngati yadumpha n'kusiya njira. Wosewera ali ndi ufulu wopempha refu kuti apukute mpira. Refu amayika kachizindikiro pamene mpira unali, n'kuunyamula, kuupukuta, n'kuubwezera pomwepo. Wosewera akaunyamula yekha ndi faulo, ngakhale cholinga chili chabwino chotani.

Mipira ndi 22 monga iyenera kukhalira, koma umodzi mwa yofiira si wa gulu limeneli. Zikuoneka kuti wina unatayika ndiye anatenga wofiira wa pa tebulo la pool. Mpira wa snooker ndi mamilimita 52.5, pamene uwu ndi wa mainchesi awiri, mamilimita 50.8. Malamulo salola ngakhale kusiyana kulemera kopitirira magalamu 3 pakati pa mpira wolemera kwambiri ndi wopepuka kwambiri m'gulu limodzi. Posanja, mpira waung'onowu umasiya mpata ndipo gulu silithina. Poumenya, woyera umaugunda pamwamba pa pakati pake, ndiye umachoka mwa njira yakeyake. Amene waphonya nawo akadandaula amakhala akunena zoona. Eni malo agule gulu latsopano lathunthu, asagulenso umodzi wokha, chifukwa mipira yakale imakhala itaperepeseka kale.

Ndodo za pamalopo ndi zapakatikati. Zowongoka zilipo, koma zina ndi za pool, za nsonga yonenepa yomangira ndi sikuluwu, pamene ya snooker nsonga yake imakhala pafupifupi mamilimita 9 kapena 10. Chosowa chachikulu ndi zothandizira kufikira patali. Pali rest imodzi yokha, ija ya mtanda kumapeto. Palibe spider yokweza ndodo pamwamba pa mipira, palibenso ndodo yaitali. Pa tebulo la mafiti 12 munthu wamfupi sangafikire theka la mashoti popanda zimenezi, ndiye amakwera n'kugona pa tebulo, miyendo yonse m'mwamba. Lamulo likuti phazi limodzi likhale likukhudza pansi pamene nsonga ikugunda woyera. Likapanda kutero ndi faulo. Mnzake akayitana faulo, wokwerayo amayankha kuti ndikanatani poti ndodo yaitali palibe, ndipo onse awiri amakhala ndi mfundo. Mkangano umenewu ndi wa eni malo, osati wa osewera. Chimodzimodzi nyale: mababu awiri okha pa tebulo lalitali chonchi amasiya mthunzi m'makona, ndipo usiku wabulauni umaoneka ngati wofiira. Mukakayika funsani refu mtundu wa mpira musanamenye, malamulo amamulola kukuuzani zimenezo.

Tsopano pepala lija. Gawo loyamba lili bwino: yofiira 15, uliwonse pointi 1, wachikasu 2, wobiriwira 3, wabulauni 4, wabuluu 5, wapinki 6, wakuda 7. Mukalowetsa wofiira mumasewera umodzi wa isanu ndi umodzi yamitundu ija, ukalowa umabwerera pa kadontho kake, mpaka yofiira itatha, kenako yamitundu imalowa motsatana kuyambira wachikasu kukathera kwa wakuda. Pansi pake mpamene wolembayo anathiramo malamulo a pool ya m'mabala.

Pepala likuti wochita faulo amapatsa mnzake mashoti awiri. Mu snooker mulibe zimenezo. Faulo imalipidwa ndi mapointi amene amapita kwa wolakwiridwa, ndipo wolakwiridwa amasankha kusewera pamene mipira yaima kapena kuuza wolakwayo kuti asewerenso yekha pomwepo. Likutinso woyera ukagunda mpira, mpira wina uyenera kukafika ku khushoni. Ayi. Mukhoza kungokhudza wofiira pang'ono n'kusiya woyera utabisala kuseri kwa wakuda popanda mpira uliwonse kufika ku khushoni, ndipo ameneyo ndiye mtima wa masewerawa. Likuti wolowetsa wakuda nthawi yake isanakwane waluza gemu, pamene chilango chenicheni ndi mapointi 7, wakuda n'kubwerera pa kadontho kake gemu n'kupitirira. Ndipo likuti woyera ukalowa m'dzenje, wosewera kuchokera mu D saloledwa kumenya chobwerera m'mbuyo. Amaloledwa. Mumayika woyera paliponse mu D kapena pa mzere wake n'kumenya mbali iliyonse, ngakhale mpira umene uli kumunsi kwa mzere wa baulk. Kutchula dzenje nakonso kulibe: mpira woyenera ukalowa mwamwayi m'dzenje limene simumafuna, mapointi ndi anu.

Choipa cha pepalali n'chakuti limapatsa wolakwa poloza chala. Refu akagamula molondola, wina amapita pakhoma n'kunena kuti werengani apa, ndipo anthu oonerera, poti ambiri anakulira pa pool, amakhala mbali ya pepala. Malamulo enieni amasungidwa ndi bungwe loyang'anira masewerawa la WPBSA, ndi omwewo amene amagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse umene wakhala ukuchitikira ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield kuyambira mu 1977, ndipo amapezeka pa intaneti mwaulere. Kuwasindikiza n'kuwasunga m'kabati ya m'chipindamo ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi nsalu imene ingang'ambike anthu akayamba kukankhana.

Za kuchuluka kwa chilango pepala silinena chilichonse, koma refu amawerengera molondola, ndipo ndi bwino aliyense adziwe kawerengedwe kake. Chilango chochepetsetsa ndi mapointi 4. Chimakwera potsata mtengo wa mpira umene mumayenera kumenya kapena umene mwalakwira, kutengera waukulu pa iwiriyo. Muli pa yofiira mwayamba kugunda wachikasu, ndi 4. Mwayamba kugunda wabuluu, ndi 5. Mwatchula wapinki n'kuphonya zonse, ndi 6. Mwalowetsa wakuda koma woyera nawo walowa, ndi 7, ndipo mapointi a wakudawo simupata. Mkono wa malaya ukakhudza wapinki pamene mukuwerama kuti mumenye wofiira, ndi 6. Mafaulo angapo akachitika pa shoti imodzi saphatikizidwa, mumalipira yaikulu yokha. Mapointi amene munapeza faulo isanachitike ndi anu ndithu. Yofiira iwiri ikalowa pa shoti imodzi zili bwino, ndi mapointi 2, koma wamtundu mumasewera umodzi wokha pambuyo pake. Ndipo wofiira umene walowa kapena kudumphira pansi pa shoti ya faulo subwerera pa tebulo. Palinso zolakwa za mapointi 7 zimene anthu saziganizira, monga kumenya yofiira kawiri motsatana, kuyeza mpata ndi chinthu china, kaya choko kaya bokosi la machesi, ndiponso kukana kutchula mpira refu atafunsa.

Luso la refu wa pano limaonekera bwino pa free ball, mwayi umene wolakwiridwa amapatsidwa wosewera mpira wina m'malo mwa woyenera ukatsekeka chifukwa cha faulo. Tinene kuti faulo yachitika anthu ali pa yofiira, woyera waima chakuseri kwa wabuluu, ndipo wofiira wotsala ukuoneka theka. Wolakwiridwa amafuula kuti, "A refu, free ball imeneyo!" Wolakwa amayankha kuti, "Ayi akulu, wofiira uwo ukuoneka bwinobwino, mwana akhoza kuumenya." Bamboyu sayankha aliyense. Amapita kuseri kwa woyera, kugwada mpaka diso lifanane ndi nsalu, kuyang'ana m'mphepete mwa wofiira cha kumanzere, kusuntha mutu pang'ono n'kuyang'ananso cha kumanja, kenako amadzuka n'kunena mawu awiri okha. Chimene amafufuza ndi ichi: kodi woyera, poyenda mzere wowongoka, ungathe kukhudza m'mphepete monse muwiri mwa wofiira ngakhale umodzi? Kungouona mpira sikokwanira. Ngati mbali imodzi yatsekedwa ndi mpira wosayenera kumenyedwa, ndipo palibe wofiira wina wotseguka mbali zonse, free ball ilipo. Ngati chotsekacho ndi wofiira unzake, palibe, chifukwa nawo ndi woyenera kumenyedwa. Ngati chotsekacho ndi mlomo wa khushoni pa dzenje, palibenso.

Free ball ikaperekedwa mumatchula mpira uliwonse kuti uime m'malo mwa woyenerawo, ndipo umatenga mtengo wa umene waulowa m'malo. Mukatchula wabulauni muli pa yofiira n'kuulowetsa, ndi pointi 1 osati 4, wabulauni umabwerera pa kadontho kake, kenako mumasewera wamtundu monga mwa nthawi zonse. Yofiira itatha, muli pa wachikasu, mukatchula wabuluu n'kuulowetsa ndi mapointi 2, wabuluu umabwerera, ndiyeno mumamenya wachikasu weniweni. Msampha uli apa: simuloledwa kubisa woyera kuseri kwa mpira umene mwautchulawo, kupatula pamene patsala wapinki ndi wakuda yokha. Mukasankha kuti wolakwa asewerenso, free ball yafa, iye saitenga. Lamulo la free ball ndilo limachititsa kuti 147, mapointi amene munthu amapeza akalowetsa wakuda pambuyo pa wofiira uliwonse kenako yamitundu yonse osaphonya, isakhale malire enieni a mapointi a ulendo umodzi. Ndi free ball poyambirira munthu angafike 155, ndipo Jamie Burnett wa ku Scotland anapeza 148 mu 2004.

Miss ndiyo imautsa mapiri pachigwa kulikonse kumene snooker imaseweredwa, ndipo pano n'chimodzimodzi. Lamulo likufuna kuti wosewera ayesetse ndi luso lake lonse kugunda mpira woyenera. Refu akaona kuti sanayesetse mokwanira amayitana faulo ndi miss, ndipo wolakwiridwa amapeza chisankho chachitatu: mipira yonse ibwezeredwe pamene inali, wolakwayo amenyenso. Cholinga chake n'choletsa munthu kuphonya dala mochenjera kuti alipire 4 koma asiye woyera pamalo abwino. Miss siyimbidwa ngati n'zosatheka n'komwe kugunda mpirawo, bola wosewerayo amenye cholunjika kumeneko ndi mphamvu yokwanira. Siyimbidwanso ngati mmodzi wa osewera, shotiyo isanamenyedwe kapena chifukwa cha shotiyo, sangapambanenso popanda mapointi a mafaulo, bola refu akhutire kuti kuphonyako sikunali kwadala. Kuti mudziwe ngati mwafika pamenepo, chulukitsani yofiira yotsala ndi 8 n'kuwonjezera 27. Yofiira itatu ikatsala, pa tebulo pali mapointi 51, ndiye amene watsalira ndi 54 akufunika faulo ya mnzake.

Chimene tikuyamika kwambiri n'chakuti refuyu amafunsa gemu isanayambe: "Achimwene, miss tiyimba yonse, kapena pokhapo pamene mpira ukuoneka?" Funso limeneli ndi la munthu wodziwa anthu ake. Akatswiri a pa TV amayimbidwa miss pafupifupi nthawi iliyonse akaphonya, chifukwa luso lawo ndi lalikulu. Munthu amene wayamba chaka chino akaphonya pothawa kudzera makhushoni awiri amakhala wayesetsadi, ndipo kumubwezera kasanu n'kumulanda mapointi 20 popanda chifukwa. Kugwirizana kuti miss iyimbidwe pokhapo pamene mpira umaoneka ndi pangano la pamalo, si lamulo lolembedwa, ndipo limagwira ntchito chifukwa lanenedwa woyera usanamenyedwe. Pangano lobwera gemu ili pakati nthawi zonse limakomera amene walibweretsa. Pobwezera mipira bamboyu amajambula tebulo ndi foni wosewera asanathawe snooker yovuta, pamene woyera wabisala kuseri kwa mpira wina, ndipo akabwezera amafunsa onse awiri ngati akhutira, kenako mawu omaliza amakhala ake.

Pa miss pomwepa ali ndi chofooka chimodzi chimene ayenera kukonza. Ngati wosewera ali ndi njira yowongoka yogundira mpira woyenera pakati penipeni koma waphonya katatu motsatana kuchokera pamalo omwewo, amaluza gemu. Koma izi zimatheka pokhapokha refu atamuchenjeza pobwezera mipira ataphonya kachiwiri. Bamboyu nthawi zina amaiwala chenjezoli n'kufuna kupereka gemu. Popanda chenjezo gemu siperekedwa, ndipo wosewera wokana pamenepo akulondola.

Touching ball amaiyendetsa bwino. Woyera ukaima utakhudzana ndi mpira woyenera kumenyedwa, amayang'anitsitsa kuchokera pamwamba, nthawi zina n'kutchinga kuwala ndi dzanja kuti aone ngati pali kampata, kenako amalengeza. Wosewera ayenera kumenya chothawa osausuntha mpirawo, ndipo amatengedwa kuti waugunda kale, choncho sipakhala faulo ngakhale woyera usagunde kanthu kena. Ukasuntha chifukwa cha kumenyako, ndi kukankha, faulo. Ngati wokhudzanawo si woyenera kumenyedwa, muyenera kuuthawa n'kukagundabe woyenera. Kukankha kumachitikanso mipira ikayandikana kwambiri koma osakhudzana: nsonga imakhala idakali pa woyera pamene woyera ukugunda unzake, ndipo zimadziwika poti mipira iwiriyo imathamangira limodzi. Njira yopewera ndi kumenya chopsepsa m'mphepete penipeni. Kudumphitsa woyera pamwamba pa mpira wotchinga, kumene anyamata a pool amanyadira, kuno ndi faulo.

Kubwezera yamitundu nako kumadzetsa phokoso kadontho kakatsekedwa. Mpira umapita pa kadontho kopanda kanthu ka mtengo waukulu kwambiri. Wapinki ukalowa, malo ake n'kupezeka pali wofiira, umapita kwa wakuda ngati kuli kotseguka, apo ayi kwa wabuluu, n'kumatsika choncho. Timadontho tonse tikatsekedwa umayikidwa pafupi kwambiri ndi kadontho kake, cha kumbali ya khushoni ya kumtunda, osakhudza mpira wina. Iwiri ikafunika kubwezeredwa nthawi imodzi malo awo ali otsekeka, wa mtengo waukulu ndiwo umayamba kupatsidwa malo. Ndipo dikirani refu amalize kuyika mpira, komanso mipira yonse iime, musanamenye. Kufulumira pamenepa ndi faulo imene anthu olipira pa ola amaichita kawirikawiri. Mpira umene unaima pakamwa pa dzenje n'kudzagwa wokha pambuyo pake popanda kugundidwa umabwezeredwa pomwepo, koma umene wangozengereza kamphindi n'kugwa walowa.

Kumapeto kwa gemu malamulo ndi achidule. Pakatsala wakuda wokha, kulowa kwake kapena faulo yoyamba imatseka gemu. Mapointi akafanana pamenepo wakuda umabwerera pa kadontho kake, amachita mayere kuti asankhe woyamba, ndipo amamenya kuchokera mu D. Ngati patsala wakuda wokha ndipo amene ali pa tebulo akutsogola ndi mapointi oposa 7, akhoza kutenga gemu osamenyanso. Gemu ikauma, aliyense akungokhudza wofiira n'kubwerera popanda chosintha, refu amapereka mwayi wosanjanso mipira. Wina akakana amawapatsa mashoti ochepa, kawirikawiri atatu aliyense, ndipo zikapanda kusintha mapointi onse amafafanizidwa, yemwe anayamba n'kuyambanso.

Zofooka zina za utumikiwu ndi ziwiri. Choyamba, bamboyu ndi wachifundo mopitirira. Akaona wophunzira akuloza mpira wolakwika amatsokomola kapena kunena kuti, "Taonetsetsani bwino, achimwene." Refu saloledwa kuchenjeza munthu kuti watsala pang'ono kuchita faulo, kapena kupereka malangizo a kaseweredwe. Pa gemu yophunzitsana palibe choipa, koma pamene anthu abetcherana, kutsokomola kumodzi kumeneko n'kokwanira kuti wina anene kuti refu wadya. Chachiwiri si vuto lake: eni malo amamutumanso kukatolera ndalama pa matebulo a pool panja. Akatuluka, malamulo amati amene sakumenya ndiye refu, ndipo faulo imene sinayitanidwe shoti yotsatira isanamenyedwe yakhululukidwa. Kudzakumbutsa patapita mashoti atatu kuti paja munakhudza wobiriwira n'kutaya nthawi. Refu akabwerera angathe kufunsa amene anali pamalo oonera bwino, koma kufunsako ndi kwa iye, osati kuti chipinda chonse chivote. Pa gemu ya ndalama, ndi bwino kuyimitsa kaye mpaka atabwera. Pa zonsezi wosewera wolemekezeka ndi amene amanena yekha akakhudza mpira ngakhale palibe waona. Mwambo umenewo ndi wakale m'masewerawa, ndipo osewera achikulire a pamalopa amausunga.

Mapointi amalembedwa pa bolodi yokhala ndi tizitsulo tosuntha, ndipo refu amatchula mokweza mapointi a ulendo uliwonse mpira ukalowa, n'kukawawonjezera ulendowo ukatha. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Bolodiyo ili pafupi ndi khomo pamene aliyense wodutsa angaigunde ndi phewa, ndiye isunthidwe. Magetsi akathima m'chipindamo mulibe nyale ina. Musamalize shoti ndi tochi ya pa foni. Aliyense achoke pa tebulo, mmodzi ajambule mipira kuchokera kumunsi ndi kumtunda, ndipo ngati woonerera wagunda mpira mumdimamo umabwezeredwa pamene unali popanda chilango kwa wosewera aliyense.

Kulipira ndi kwa pa ola, ndipo refu amalipidwa payekha ngati mwamufuna. Ndalama ya refuyo musaiumire, makamaka ngati mukusewera ndi munthu amene simunaseweranepo naye. Kwa ophunzira, gemu ya yofiira 15 imatha kudya ola lonse, choncho pemphani kusewera ya yofiira 6, imene mapointi ake onse a ulendo umodzi ndi 75 ndipo imakufikitsani msanga pa yamitundu pamene pali zambiri zophunzira. Msika wa fodya ku Chinkhoma ukatsegulidwa chipindachi chimadzaza madzulo ndipo kubetcherana kumakula, ndiye wofuna kuphunzira modekha apite masana pakati pa sabata. Amene ali ndi ndodo yakeyake apite nayo pamodzi ndi choko chake, chifukwa cha pamalopo chimakhala chitakumbika mpaka pansi, ndipo choko chotero chimadetsa m'mbali mwa ndodo osafika pa nsonga.